Pa ngozi za kabaza tikuiwala phazi

Nkhani ya ngozi za njinga zamoto za kabaza yafika poti palibenso wofunika kuchita kuuzidwa. Ku Mponela, Lunzu, Jenda, Liwonde ngakhale ku Luchenza, tsiku la msika njingazi zimachita kulimbirana njira ndi anthu oyenda pansi, ndipo m'zaka zapitazi apolisi ndi madokotala a m'zipatala zikuluzikulu akhala akudandaula kuti mawodi a mafupa akudzaza ndi anthu ovulala pa njingazi. Pokambirana za vutoli, ambiri amatchula zipewa zodzitetezera kumutu, ziphaso zoyendetsera ndi mchitidwe wonyamula anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi. Zonsezi n'zoona. Komatu pali kuvulala kwina komwe kawirikawiri sikufika n'kupolisi komwe, chifukwa wovulalayo amadzuka yekha, kusasa fumbi, n'kubwerera kunyumba motsimphina uku akuthokoza Mulungu kuti wapulumuka. Uku n'kuthyoka kapena kusemphana kwa timafupa ta pakati pa phazi.

Mabuku a zachipatala amati kuvulala kotereku n'kosowa. Mtundu wake wodziwika kwambiri, womwe madokotala amautcha Lisfranc, akuti umagwera munthu mmodzi pa anthu 55,000 alionse pachaka, ndipo pa anthu 1,000 othyoka mafupa, pafupifupi awiri okha ndiwo amakhala ndi vutoli. Tikangotengera chiwerengerochi pa anthu 17.5 miliyoni omwe adawerengedwa pa kalembera wa 2018, ndiye kuti m'dziko muno anthu opitirira 300 amavulala chotere chaka chilichonse. Choopsa n'chakuti ngakhale m'maiko omwe ali ndi zipangizo zokwanira, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu amabwezedwa kunyumba ulendo woyamba atauzidwa kuti wangobinya. Ngati zili chonchi kwa eni makina, nanga bwanji kuno komwe wovulala amayambira pachipatala chaching'ono chopanda X-ray, mwinanso osapitako n'komwe?

Mmene phazi lidamangidwira

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Kumbuyo kuli awiri akuluakulu, la chidendene ndi lina lomwe limalumikiza phazi ku mwendo pa kakolo. Kutsogolo kuli mafupa asanu ataliatali otchedwa metatarsal, omwe amapita ku zala, komanso timafupa 14 ta zalazo. Pakati pa magulu awiriwa pali timafupa tisanu tating'ono: navicular, cuboid ndi tina titatu totchedwa cuneiform. Timafupa timeneti ndito tikukambidwa pano.

Amene adaotchapo njerwa akudziwa mmene makomo a moto a uvuni amakhalira. Njerwa zimasanjidwa motsamirana, iliyonse kugwira inzake, mpaka pamwamba pa khomo potha kusenza mulu wonse. Njerwa imodzi ikasuntha, khomolo silichedwa kutitimira. Pakati pa phazi palinso chimodzimodzi. Timafupa tija timapanga uta womwe umaoneka kunsi kwa phazi, ndipo uta umenewu ndiwo umasenza thupi lonse munthu akamanyamula chidendene kuti aponye sitepe ina. Njerwa yofunika kwambiri ndi tsinde la fupa la metatarsal lachiwiri, loyang'anizana ndi chala chotsatana ndi chachikulu, lomwe lidalowa ngati mpini m'kampata ka pakati pa timafupa ta cuneiform. Limagwiridwa ndi mtsempha wolimba wochokera ku cuneiform wa m'kati. Mtsemphawu ukaduka palibenso wina wogwira matsinde a fupa loyamba ndi lachiwiri pamodzi, choncho awiriwa amayamba kutalikirana pang'onopang'ono nthawi iliyonse munthu akaponda.

Dzina loti Lisfranc lidachokera kwa Jacques Lisfranc, dokotala wa ku France yemwe adagwira ntchito m'gulu la nkhondo la Napoleon ndipo adamwalira mu 1847. Iye adatchuka ndi njira yodulira phazi lowola podutsa pamalo pomwe mafupa ataliatali aja amakumana ndi timafupa ta pakati. Mbiri imanena kuti asilikali a pakavalo ankavulala pamalo amenewa akagwa phazi litakodwa m'chitsulo chopondera. Malo ena olumikizana mafupa, chakumbuyo pang'ono kufupi ndi kakolo, amatchedwa Chopart potengera dokotala winanso wa ku France, François Chopart, yemwe adamwalira mu 1795. Napo pamasemphana, ngakhale kuti izi n'zosowa kwambiri.

Kuno kwathu kulibe asilikali a pakavalo, koma kavalo wathu ndi njinga yamoto. Njinga ikagwa, phazi limapanikizika pakati pa chopondera ndi nthaka kapena limakodwa m'masipoko, thupi n'kupita mbali ina phazi litatsala. Kuvulala komweku kumachitikanso munthu akagwa padenga kapena mumtengo n'kufikira pa zala, teyala la ngolo likaponda phazi, thumba la feteleza la makilogalamu 50 likagwera pamwamba pa phazi potsitsa m'lole, kapena wosewera mpira akagweredwa ndi mnzake pachidendene iye ataima pa zala. Nthawi zina n'kungoponda molakwa m'ngalande usiku basi. Fupa la cuboid, la mbali ya kunja, limatha kuphwanyika likafinyidwa pakati pa mafupa awiri monga mmene timaswera mtedza, pomwe la navicular limavuta kupola chifukwa magazi safika mokwanira pakati pake.

N'chifukwa chiyani kumabisala?

Chifukwa choyamba n'chakuti munthu wothyoka ntchafu sangaime, pomwe wovulala pakati pa phazi nthawi zambiri amatha kuyenda pondera chidendene. Kwa ambiri aife, kuyenda ndi umboni woti palibe chathyoka. Ndiye timathowa ndi madzi otentha, kutikita ndi mafuta, kapena kuitana munthu wodziwa kukoka kuti awongole. Ena amatemera mphini. Izi zonse zimaonjezera kutupa, ndipo kukoka kumamaliza kudula mtsempha womwe mwina udangong'ambika mbali imodzi.

Chachiwiri chili kuchipatala. Pa ngozi yaikulu, madokotala amayamba ndi mutu, chifuwa ndi mimba, ndipo n'zoyenera kutero popeza izi n'zomwe zimapha. Phazi lotupa limakumbukiridwa patapita masiku, wodwala atayamba kuyesa kuima. Chachitatu ndi kajambulidwe. Munthu akajambulidwa X-ray atagona, timafupa tosemphana pang'ono timabwerera m'malo mwake ndipo chithunzi chimaoneka chabwinobwino. Mpata umaonekera munthu akajambulidwa ataima, thupi litalemera paphazilo, makamaka akajambula mapazi onse awiri kuti afananize. Madokotala amati mpata wopitirira mamilimita 2 pakati pa matsinde a mafupa awiri aja ndi chizindikiro choti mtsempha waduka. Mamilimita awiri sakwana n'komwe kunenepa kwa njere ya mapira, koma ndiwo amasiyanitsa munthu woyenda bwino ndi wotsimphina moyo wonse.

Okonda masewero angamvetse kusiyana kwake ndi zitsanzo ziwiri. Mu April 2002 David Beckham wa Manchester United adathyoka fupa la metatarsal lachiwiri pamasewero olimbana ndi Deportivo La Coruña, koma pofika June chaka chomwecho adasewerera England mumpikisano wa World Cup. Mu 2022 katswiri wa basketball ku America, Chet Holmgren wa timu ya Oklahoma City Thunder, adavulala mtsempha wa Lisfranc womwe umagwira tsinde la fupa lomwelo. Iyeyu adachitidwa opaleshoni ndipo adakhala panja chaka chonse cha masewero, ngakhale adali ndi madokotala apamwamba. Fupa lothyoka limalumikizana lokha likasungidwa bwino, koma malo olumikizana mafupa akasokonezeka sabwerera okha.

Zizindikiro zoyenera kudziwa banja lililonse

Kubinya wamba kumakhala pa kakolo, makamaka mbali ya kunja, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu munthu amayamba kupezako bwino. Kuvulala kwa pakati pa phazi kumatupitsa pamwamba pa phazi, pomwe timamanga zingwe za nsapato, ndipo ululu umakula munthu akafuna kuima pa zala kapena kutsika sitepe. Chizindikiro chomwe madokotala amachidalira kwambiri ndi magazi ogwirana kunsi kwa phazi, pakati penipeni, omwe amaoneka ngati banga lakuda kapena lofiirira patatha tsiku limodzi kapena awiri. Ambiri salitembenuza phazi kuti aone kunsi. Litembenuzeni, ndipo mukaona bangali dziwani kuti m'kati mwang'ambika kanthu.

Madokotala a ku Ottawa m'dziko la Canada adakonza mu 1992 njira yophweka yodziwira wofunika kujambulidwa, yomwe lero imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Mwa zina imati munthu yemwe akumva ululu pakati pa phazi ndipo akulephera kuponda masitepe anayi, kapena akumva kuwawa kwambiri mukadina fupa lotundumuka la m'mbali mwa phazi, m'kati kapena kunja, ajambulidwe. Njirayi sifuna makina alionse ndipo kholo lililonse lingathe kuikumbukira.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche. Phazi likapindika moonekeratu, fupa likatulukira kapena pakakhala bala pamalo otupawo, zala zikazizira, kuchita dzanzi kapena kusintha mtundu, ndiponso ululu ukamakulirakulira ngakhale mwamwa mankhwala, pitani kuchipatala cha boma nthawi yomweyo. Kutupa kukachuluka m'kati mwa phazi kumafinya mitsempha ya magazi, ndipo minofu imayamba kufa m'maola ochepa. Podikira galimoto, vulani nsapato, kwezani phazi pamtsamiro, ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, phimbani bala ndi nsalu yoyera, ndipo wovulalayo asaponde.

Odwala shuga asamale mwapadera. Matendawa akakhalitsa amapha mitsempha yomvera ululu m'mapazi, moti timafupa ta pakati timatha kuthyoka n'kugumuka mwini wake osamva kanthu. Phazi la wodwala shuga likatupa, kutentha ndi kufiira mbali imodzi, ngakhale popanda ngozi yomwe akukumbukira, lionedwe ndi dokotala msanga.

Chithandizo chake

Ngati mafupa sadasunthe ndipo chithunzi chojambulidwa munthu ataima chikuonetsa kuti ali m'malo mwake, chithandizo ndi chikhakha ndi ndodo zoyendera kwa masabata pafupifupi 6, osaponda ngakhale pang'ono. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amajambulanso kuti aone ngati sanasunthe. Chikhakha chikamafinya, zala n'kumatupa kapena kuchita dzanzi, bwererani tsiku lomwelo kuti akachimasule.

Mafupa akasemphana pamafunika opaleshoni. Ngati asemphana kwambiri, dokotala amawabwezeretsa mwachangu wodwala atagonekedwa tulo kuti khungu ndi mitsempha zisawonongeke, kenaka amadikira kuti kutupa kuphwe, kawirikawiri sabata imodzi kapena ziwiri, asanachite opaleshoni yeniyeni. Pamenepo amabwezera fupa lililonse m'malo mwake n'kuligwiriziza ndi masikuluwu, tizitsulo tathyathyathya kapena mawaya. Mawaya amachotsedwa pakatha masabata angapo, pomwe masikuluwu ena amachotsedwa pakatha miyezi ingapo ndipo ena amasiyidwa. Njira ina ndi kumatiza mafupawo kuti asanduke fupa limodzi. Izi zimamveka zoopsa, koma malo olumikizana a mbali ya chala chachikulu sagwedera kwambiri ngakhale mwa munthu wabwinobwino, choncho ambiri amayenda bwino akapola. Akachoka kuopaleshoni, wodwala amakhala masabata 6 mpaka 8 osaponda, kenaka amayamba mafizo. Kuti phazi libwerere mphamvu pamatenga miyezi 6 mpaka chaka. Osuta fodya amachedwa kupola chifukwa fodya amachepetsa magazi opita ku fupa.

Tisanamizane, ngakhale wothandizidwa bwino amatha kudzamva nyamakazi pamalopo m'tsogolo. Koma kusiyana kwake ndi wosathandizidwa n'kwakukulu. Phazi losiyidwa limaphwatalala, uta uja umagwa, zala zimayang'ana kunja, pamwamba pamatuluka chotupa cha fupa chomwe chimakana nsapato, ndipo ululu umabwera pa sitepe iliyonse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu kubwezera mafupa m'malo mwake kumakhala kovuta, ndipo chotsala ndi opaleshoni yaikulu yomatiza, yomwe madokotala oidziwa ndi ochepa. M'mera mpoyamba, adatero akuluakulu.

Dziko lino lili pati?

Madokotala akuluakulu a mafupa m'dziko muno ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mu 2008, pomwe Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake adalemba za chithandizo cha mafupa m'Malawi, adalipo 9 okha pa anthu pafupifupi 13 miliyoni. Chiwerengerochi chakwerako, ndipo ku Lilongwe kudatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION pambali pa Kamuzu Central, kuonjezera pa ntchito yomwe imagwiridwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi m'zipatala zazikulu za Zomba ndi Mzuzu. Koma msana wa chithandizo cha mafupa m'maboma ndi ma clinical officer a za mafupa, omwe maphunziro awo apadera a miyezi 18 adayamba mu 1985 motsogozedwa ndi dokotala wa ku Canada, Edward Blair. Anthu amenewa ndiwo amaona ambiri mwa othyoka mafupa m'dziko muno, ndipo njirayi maiko ena adaiyamikira.

Apa mpomwe pagona nkhani. Makina a CT scan ndi MRI, omwe amaonetsa bwino kuvulala kotereku, amapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda ndipo sitingayembekezere kuti afika ku Ntchisi kapena ku Phalombe mawa lino. Koma zinthu zitatu zomwe zimagwira vutoli msanga sizilira ndalama zambiri: kutembenuza phazi n'kuyang'ana kunsi, kujambula wodwala ataima pa makina omwe alipo kale, ndi kumuuza kuti abwerenso pakatha masiku 10 ngati ululu sukutha. Unduna wa zaumoyo ungachite bwino kuonetsetsa kuti ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono, omwe ndiwo amayamba kuona ovulala, akukumbutsidwa zizindikirozi ndipo akudziwa wotumiza kuboma. Makina a X-ray a m'maboma akawonongeka azikonzedwa msanga, popeza sabata iliyonse yomwe aima pali phazi lomwe likuuma molakwika. Nawo akaunti ya zipangizo isaiwale ndodo zoyendera, chifukwa kuuza munthu kuti asaponde popanda kumupatsa ndodo n'kungotaya mawu.

Apolisi apamsewu ndi mabungwe a akabaza nawo ali ndi mbali yawo. Pophunzitsa za zipewa azinenanso za nsapato. Anyamata ambiri amayendetsa njinga atavala mapatapata, ndipo okwera, makamaka amayi okhala cham'mbali atanyamula katundu, mapazi awo amangolendewera pafupi ndi teyala. Nsapato yolimba yotseka siletsa kuvulala konse, koma imachepetsa mabala ndi kupindika, ndipo fupa lothyoka popanda bala limapola bwino kuposa lomwe lalowa dothi. Njinga yomwe zopondera zake za kumbuyo zidathyoka siyenera kunyamula munthu.

Mtengo wa masabata 6

Vuto lalikulu, lomwe dokotala sangalithetse yekha, lili pakhomo. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, koma ulendo wopita kuboma ndi kubwerera ndi wa ndalama, gadiyani amafunika chakudya, ndipo wakabaza yemwe amapereka ndalama kwa mwini njinga tsiku lililonse sangaone pomwe angapezere masabata 6 ongokhala. Chimodzimodzinso mayi wogulitsa tomato, wonyamula katundu pamsika kapena mlimi yemwe wavulala mvula itayamba. Ambiri amadula okha chikhakha pakatha masabata awiri ululu ukachepa, n'kubwerera kuntchito. Sikuti ndi osamva, njala ndiyo imawatuma.

Komabe masamu ake ayenera kuwerengedwa bwino. Masabata 6 ndi ochepa poyerekeza ndi zaka 30 kapena 40 zomwe mnyamata wa zaka 25 akuyembekezeka kugwira ntchito ataima. Phazi lakumanzere ndilo losinthira magiya, lakumanja ndilo la buleki, ndipo onse awiri ndiwo amagwira njinga yolemedwa ikaima. Wotsimphina sapita kumunda wakutali, sanyamula thumba, ndipo olemba ganyu amamudumpha. Choncho banja lomwe lalola kumanga lamba kwa mwezi ndi theka lateteza chakudya cha zaka zambiri.

Apa achibale, mipingo, mabanki a m'mudzi ndi magulu a akabaza a pa siteji iliyonse angathandize kwambiri. Tidazolowera kusonkha pa maliro, ndipo n'zabwino, koma thumba laling'ono lothandiza mnzathu yemwe ali m'chikhakha lingapulumutse mabanja ambiri ku umphawi. Eni njinga nawo aganizire kuti wovulala pa ntchito yawo asachotsedwe kaamba koti wamvera dokotala.

Kwa inu makolo, mwana kapena bambo wa pakhomo akabwera akutsimphina atagwa pa njinga, musathamangire kutereka madzi. Muvuleni nsapato, onani pomwe patupa, yang'anani kunsi kwa phazi lero ndi mawa, ndipo muyeseni ngati angaponde masitepe anayi. Ngati pakati pa phazi patupa ndipo akulephera, pitani naye komwe kuli X-ray. Mukafika, fotokozani bwinobwino mmene adagwera, lozani pomwe pakuwawa, ndipo funsani mwaulemu ngati n'kotheka kumujambula ataima. Akakuuzani kuti wangobinya koma pakatha masiku 10 sakuthabe kuponda, tengani kabuku ka kuchipatala mubwererenso.